Kutsika M'ndende ndi Pensulo M'manja

Nkhani ya madzulo ano ena aiona ngati yachibwana, chifukwa ndi ya magemu a pakompyuta, komanso magemu ake akalekale, opangidwa ambiri mwa inu musanabadwe. Koma tayendani masana mu Katondo Street, momwe anyamata amakuonetsani mafoni musanafunse n'komwe, kapena suzumirani m'timashopu ta magemu ta ku Kabwata ndi ku Chelstone, momwe ana amalipira kuti amenyeko mpira wa FIFA pa PlayStation, kenaka muyang'ane zimene zili pa mafoni a anthu odikira basi pa Kulima Tower. Mupeza kuti Lusaka ikusewera kale, ndipo sinadikire chilolezo cha aliyense wa ife. Chotsala n'kufunsa kuti ikusewera zotani. Subway Surfers ndi Temple Run zilibe mapeto: munthu amathamanga mpaka kugwa, n'kuyambiranso. Candy Crush imangowonjezera magawo chaka ndi chaka. Kandege ka Aviator ka obetcha kamanyamuka, n'kuthawa, n'kunyamukanso, usana ndi usiku. Ine ndaima pano kuikira kumbuyo mtundu wina wa gemu, yovuta, yosakongola, yolowetsa munthu m'ndende ya pansi pa nthaka n'kumusiya kuti adzipezere yekha njira. Mfundo yanga ndi imodzi: kuvuta kwa magemu amenewa n'koona mtima, ndipo amene wapirira mpaka kumaliza imodzi wagwira ntchito yeniyeni ya maganizo, imene magemu opanda mapeto samupempha kuti agwire.

Tiyambe taona chinthucho pafupi. Mu 1981 kampani ya ku America ya Sir-Tech inatulutsa Wizardry: Proving Grounds of the Mad Overlord, yolembedwa ndi Andrew Greenberg ndi Robert Woodhead, amene anaphunzira pa yunivesite ya Cornell. Inkayenda pa kompyuta ya Apple II ya makilobaiti 48, malo osakwana ngakhale chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni ya lero. Wosewera amapanga gulu la anthu asanu ndi mmodzi, monga ankhondo, wansembe wochiritsa, wamatsenga, ndi mbala yodziwa kutsegula mabokosi otcheredwa misampha. Gululo limatsika masitepe kuchoka m'linga la mfumu Trebor kukasaka mfiti Werdna, imene inaba chithumwa cha mfumuyo n'kukabisala pansi penipeni. Wosewera sawaona anthu akewo. Amaona zimene maso awo akuona, ndipo zimenezo ndi mizere yoyera yowerengeka pa sikirini yakuda: khoma kumanzere, khoma kumanja, mwina chitseko kutsogolo. Akadina batani amasuntha phazi limodzi, kapena kutembenukira mbali ina. Ndendeyo ili ndi magawo 10, lililonse pansi pa linzake, ndipo gawo lililonse ndi timabokosi 20 m'litali ndi 20 m'lifupi. Amenewo ndi malo 400 pa gawo, 4,000 onse pamodzi, ofanana okhaokha m'maonekedwe. Mulibe mapu, mulibe muvi wolozera kopita, ndipo gemuyo simuuza munthu chimene walakwitsa. M'banja lomweli munabadwa The Bard's Tale mu 1985, Dungeon Master mu 1987 ndi Eye of the Beholder mu 1991, ndipo ku Japan Wizardry inakondedwa kwambiri, moti inali imodzi mwa magemu amene analimbikitsa Yuji Horii kupanga Dragon Quest mu 1986.

Popeza gemu sijambula mapu, amajambula ndi wosewera, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Zida zake ndi kope la masamu la timabokosi, lomwe lija timagulira ana pa kantemba, pensulo ndi labala. Phazi limodzi, kabokosi kamodzi. Poyamba ntchitoyi imaoneka yophweka, mpaka olemba gemu atayamba kuonetsa ukathyali wawo. Pali malo amene munthu akapondapo amatembenuzidwa mwakachetechete, n'kupitiriza ulendo akuyesa waloza kumpoto chonsecho waloza kum'mawa. Pali tinjira ta mdima wa ndiweyani, momwe khoma amalizindikira polimenya ndi mphuno. Pali malo omunyamula n'kukamutula mbali ina ya gawolo yooneka chimodzimodzi, pali zitseko zolowera zokha zosatulukira, ndipo amene wapyola malire a kum'mawa amangotulukira kumadzulo osauzidwa. Zotsatira zake zimaonekera pa pepala: chipinda china chalowa m'kati mwa chinzake, kanjira kamene kanayenera kukumana ndi masitepe kadutsa pambali. Mapu ayamba kudzitsutsa okha. Apa wosewera alibe wina womuimba mlandu. Ayenera kufunsa kuti bodza linalowera pa kabokosi kati, abwerere pamalo amene akuwadziwa bwino, ayendenso akuwerenga, afufute ntchito ya ola lathunthu ngati umboni watero. Wamatsenga wake ali ndi mawu otchedwa Dumapic, amene amanena kuti gululo laima mapazi angati kum'mawa, angati kumpoto, ndi magawo angati pansi pa linga, koma mawuwo amatha akagwiritsidwa ntchito kangapo, choncho sawawononga mwachisawawa. Aphunzitsi a masamu muli muno mwazindikira kale kuti amenewa ndi ma x ndi ma y amene ana amalimbana nawo ku sekondale. Koma phunziro lalikulu lili kuseri kwa manambalawo, ndilo kukhulupirira zimene walemba mokwanira kuti uziyendera, komabe uli wokonzeka kuzifufuta zikatsutsana ndi zimene maso akuona.

Kuti mutu wa munthu umasunga mapu si nkhambakamwa. Mu 1948 Edward Tolman anaonetsa kuti makoswe oyenda m'tinjira tokhotakhota amasunga m'mutu chithunzi cha malo onsewo, sangoloweza kuti kumanja kenaka kumanzere. Mu 2000 Eleanor Maguire ndi anzake a ku University College London anapeza kuti madalaivala a matakisi a ku London, amene amaloweza misewu pafupifupi 25,000 asanalandire chiphaso, ali ndi mbali yakumbuyo ya hippocampus, chiwalo cha ubongo chosunga za malo, yaikulu kuposa ya anthu ena. Mu 2011, atatsatira ophunzira ntchitoyo kwa zaka zingapo, anapeza kuti mbaliyo inakula mwa okhawo amene anakhoza mayeso. Mu 2020 Louisa Dahmani ndi Véronique Bohbot a ku McGill anayesa madalaivala 50, ndipo odalira kwambiri GPS ndiwo anavutika kukumbukira malo atawachotsera chidacho. Kafukufuku womalizayu ndi wamng'ono, koma akuloza komwe enawo analoza. Ife a mu Lusaka lusoli si lachilendo kwa ife. Mlendo timamulondolera ndi zizindikiro: mukafika pa tanki ya Chelstone, mukadutsa pa Kabwata Cultural Village mu Burma Road, mukazungulira pa raundabauti ya Woodlands. Kondakitala amanyamula mzinda wonse m'mutu. Koma lowani m'misewu yam'kati ya Kabulonga, momwe mipanda ya njerwa imatsatizana yofanana mbali zonse, muone mmene ambiri tsopano tikuyendera maso ali pa mzere wa pafoni, ndipo batire ikatha munthu sadziwa ngakhale komwe wachokera. Sindikunena kuti gemu idzakulitsa ubongo wa mwana wanu ngati wa dalaivala wa ku London. Umboniwu ukungotiuza kuti lusoli limakula likamagwiritsidwa ntchito n'kufooka likasiyidwa, ndipo pa zinthu zonse zimene zili pa sikirini lero, ndende yakaleyi ndi chimodzi mwa zochepa zomuuza munthu kuti aligwiritse ntchito kapena asochere.

Mapu ndi theka chabe la ntchitoyi. Theka linalo, limene ndikuliona kukhala lakuya kwambiri, ndi kudziwa nthawi yobwerera. Mu Wizardry mphamvu zochiritsira ndi zomenyera zili ndi chiwerengero, zosapitirira zisanu ndi zinayi pa mlingo uliwonse wa matsenga, ndipo sizibwerera mpaka gululo litakwera kukafika kulinga. Ndiye kuti phazi lililonse lopita kutsogolo ndi ngongole, chifukwa lidzafunika kuliyendanso pobwerera, m'njira momwe zilombo sizinathe. N'chimodzimodzi munthu wa ku Chelstone amene wabwera m'tauni kudzagula katundu ku City Market: kaya zinthu zatchipa bwanji, ndalama ya basi yobwerera saikhudza. Wosewera amaima pa chitseko chimene sanachitsegulepo, wansembe watsala ndi machiritso awiri, wankhondo mmodzi wadya poizoni amene akumudya pa phazi lililonse, masitepe ali kutali timabokosi makumi atatu, ndipo mtima ukuti chitseko chimodzi chokha. Magulu ambiri amathera pa chitseko chimenecho. Ndipo imfa ya m'gemuyi ndi yolemera. Womwalira amamunyamula kupita naye ku kachisi wa Cant, kumene amalipiritsa golide wochuluka kuti ayese kumudzutsa. Zikakanika mtembowo umasanduka phulusa, ndipo zikakanikanso kachiwiri dzina lake limafufutidwa pa disiki, pamodzi ndi masabata onse amene anamulera. Gulu lonse likaphedwa, mitembo imatsala pomwe yagwerapo, ndipo wosewera ayenera kulera gulu latsopano kuyambira pachiyambi mpaka litalimba mokwanira kukatenga anzawowo. Palibe amene amamaliza gemu yotere ndi kulimba mtima kokha. Amaimaliza ndi uja amene waphunzira kutembenuka zinthu zikadali bwino, n'kuvomera kuti lero wangowonjezera timabokosi khumi pa mapu.

Wina wochenjera anditsutsa pomwepa kuti: abambo, zimene mwafotokozazi ndi Aviator yeniyeni, pakuti nayonso imafunsa munthu kuti uleke tsopano kapena upitirize. Funso ndi lofanana ndithu, ndipo n'chifukwa chake kusiyana kwake kuyenera kunenedwa momveka. Mu Aviator, gemu ya kampani ya Spribe, pamene kandege kathawire pamasankhidwa mwamwayi nthawi iliyonse, ndipo zimene munthu waona m'maulendo zana apitawo sizimuuza kanthu za ulendo wotsatira. Opanga ake amanena okha kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa, pafupifupi K97 ndi imene imabwerera kwa osewera onse pamodzi, kutanthauza kuti wosewera nthawi yaitali akutsetserekera kumodzi basi, kaya ndi wochenjera chotani. Mu Wizardry mwayi ulimonso, pakuti lupanga limatha kuphonya ndipo kachisi amatha kulephera, koma chidziwitso chimaunjikana. Makoma amene munajambula dzulo ali pomwepo lero. Chilombo chimene chinakuphani sabata yatha mukudziwa tsopano kuti chimagonekedwa tulo kapena chimangofunika kuchithawa. Munthu wosamala amakokera mwayi kumbali yake pang'onopang'ono mpaka utamukwanira. Gemu imodzi imamunamiza munthu kuti akuphunzira pamene palibe chophunzira. Inayo imalipira kuphunzira kwenikweni, ndipo zikavuta chimene chatayika si ndalama ya ufa.

Tifunsenso kuti kuvutako kukupindulira yani, pakuti apa ndi pamene ndikutengera mawu oti kuona mtima. Candy Crush, imene kampani ya King inatulutsa mu 2012, imapatsa munthu miyoyo isanu. Ikatha adikire theka la ola pa moyo uliwonse kapena alipire, ndipo akatsala pang'ono kupambana gawo amamugulitsa mwayi wosuntha kangapo kowonjezera. Kuvuta kwa mtundu umenewu ndi geti lolipiritsa, ndipo wopanga amapindula wosewera akakakamira, komanso akapanda kumaliza mpaka kalekale. Gemu yakale inkagulidwa kamodzi m'bokosi, zonse zili m'kati. Greenberg ndi Woodhead sankalandira kanthu gulu lanu likafa pa gawo lachinayi, ndipo panalibe khomo lakuseri loti mugule chipulumutso. Malamulo amene anakuphani ndi omwewo amene adzakupambanitseni. Wophunzira wa pa Kabulonga Boys ndi mwana wa nduna amakumana ndi Werdna yemweyo, wa mphamvu zomwezo, ndipo chikwama cha bambo sichilowa m'ndendemo.

Chitsutso champhamvu kuposa chimenechi n'choti kuvutako sikunali nzeru ayi, kunali umphawi wa makina. Otsutsa amati olembawo analibe malo oikamo mapu odzijambula okha, ndipo ankachulukitsa imfa kuti kagemu kakang'ono katenge miyezi, wogula aone ngati ndalama yake yagwira ntchito. Amawonjeza kuti makina atakula zinthu zinasintha, ndipo Ultima Underworld ya mu 1992 inkajambula mapu yokha. Mbali ina ya zimenezi ndi yoona ndipo sindiibisa. Maola ozungulira pamalo amodzi kupha mzukwa womwewo kuti gulu likule mphamvu si sukulu ya chilichonse. Ndipo pali magemu amene anadumpha malire. Wizardry IV: The Return of Werdna ya mu 1987, imene anaikonza ndi Roe R. Adams III, imadziwika kuti ndi imodzi mwa magemu ovuta kwambiri amene anagulitsidwapo. Wosewera amakhala Werdna mwiniwake, atalandidwa mphamvu, akukwera kuchokera pansi. Chipinda choyamba chenichenicho chilibe khomo looneka, moti kampaniyo inaika m'bokosi envulopu yomata yokhala ndi yankho lake. Kupambana nkhondo sikuwonjezera mphamvu, mzukwa wa Trebor umamulondola n'kumupha ukangomukhudza, ndipo miyambi ina imafuna kuti munthu akhale atasewera magemu atatu oyambirira. Imeneyo sindingaipereke kwa woyamba kumene. Koma chitsutsochi chimagwa pa mfundo imodzi: makina atalemera, anthu anabwerera dala ku zovutazo. Mu 2007 kampani ya Atlus inatulutsa Etrian Odyssey pa Nintendo DS n'kusiya sikirini yam'munsi kuti wosewera azijambulapo mapu ndi kacholembera. Mu 2012 Legend of Grimrock ya ku Finland inapereka mwayi wothimitsiratu mapu. FromSoftware, imene gemu yake yoyamba inali ndende ya King's Field ya mu 1994, inagulitsa makope oposa 20 miliyoni a Elden Ring m'chaka chimodzi chokha itatuluka mu 2022, ngakhale kuti gemuyo imatchuka ndi kupha osewera mosanyengerera. Ndipo mu 2024 Digital Eclipse inatulutsanso Wizardry yoyamba ija, yovala zithunzi zatsopano pamwamba pa pulogalamu yakale ya Apple II, yololeza wofuna kusewera ndi malamulo a mu 1981. Chimene chinayamba chifukwa cha kuchepa kwa makina chinapezeka kuti chili ndi phindu lakelake, ndipo anthu analizindikira atachitaya.

Makolo ali ndi funso lawo, ndipo ndi lachilungamo: maola makumi angapo amenewa sakanapita ku mabuku kodi? Nanga luso la m'gemu limatuluka n'kukalowa m'moyo? Pano ndiyenera kusamala, chifukwa ogulitsa magemu onola ubongo analonjeza zambiri zimene sizinaoneke. Mu 2010 Adrian Owen ndi anzake anayesa anthu oposa 11,000 kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo anapeza kuti anthuwo anapita patsogolo pa timasewera timene ankachitato, koma osati pa ntchito zina za maganizo. Choncho amene angakuuzeni kuti Wizardry ikhozetsa mwana mayeso a Giredi 12 akukunamizani. Bungwe la World Health Organization linavomerezanso mu 2019 kuti kusewera magemu mosadziletsa, mpaka kusiya sukulu, ntchito ndi abale, ndi matenda. Yankho langa lili pawiri. Loyamba n'loti maola amene tikukambawa kawirikawiri sachotsedwa ku mabuku. Ali kale pa sikirini, ndipo tikungosankha chimene chiwadye. Pakati pa gemu yopangidwa kuti isathe ndi gemu imene tsiku lina imati zatha, zimitsani, kholo lodera nkhawa za chizolowezi liyenera kuopa yoyambayo. Lachiwiri n'loti sitifunsa nsolo kapena drafuti ya zitsekerero za mabotolo kuti itionetse satifiketi tisanailemekeze. Amon Simutowe atakhala grandmaster wa chess mu 2009, woyamba kuchokera ku mayiko a kum'mwera kwa Sahara, dziko linanyadira popanda kufunsa kuti kusuntha tizidutswa pa bolodi kumabala matumba angati a chimanga. Wafilosofi Bernard Suits, m'buku lake la mu 1978 lotchedwa The Grasshopper, anafotokoza kusewera monga kudzisankhira wekha zopinga zimene palibe wakukakamiza, n'cholinga choti uzigonjetse. Kuyamba chinthu chachitali, chosakuyamikira, chimene ungachisiye tsiku lililonse popanda wokudzudzula, n'kuchifikitsa kumapeto, ndi chinthu chimene munthu ayenera kuchilawako kamodzi kuti adziwe kuti angathe.

Enanso amati izi ndi za ana a kumayadi, a ku Woodlands ndi Kabulonga, okhala ndi makompyuta amphamvu, jenereta ndi intaneti yosatha. Zoona zake zatembenuka. Magemu atsopano ndiwo amafuna makina odula ndi mabandulo a magigabaiti ambirimbiri. Wizardry yonse inkakwana pa disiki imodzi yofewa. Pulogalamu yaulere ya DOSBox, imene ilipo kuyambira 2002, imayendetsa magemu a nthawi imeneyo pa laputopu yotopa imene wokonza makompyuta wa m'tauni angakuuzeni kuti yatha ntchito. Mu 2015 Internet Archive inaika magemu a MS-DOS oposa 2,000 oti munthu asewere pa intaneti, ndipo sitolo ya GOG imagulitsa mwalamulo ena monga Eye of the Beholder. Za magetsi tonse tikukumbukira 2024, pamene chilala chinatsitsa kwambiri madzi a Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo pofika September nyumba zambiri zinkaona malaiti maola atatu okha pa tsiku. Gemu ya pa intaneti imafera pomwepo netiweki ikagwa. Wizardry imadikira munthu kuti aganize, sifuna netiweki, ndipo gawo lalikulu la ntchito yake lili pa pepala, limene m'fulati ya ku Kabwata lingathe kuyalidwa pa tebulo kandulo ili pambali, anthu awiri akukangana kuti khomo lobisika liyenera kukhala pati. Chingerezi chake n'chochepa, koma chimafuna kuwerengedwa mosamala. Mu Dungeon Master, momwe miyuni imanyeka mpaka sikirini kuda ndipo anthu amafa ndi njala ndi ludzu, gulu limatumidwa kukatenga ndodo yotchedwa Firestaff. Amene angomvera n'kukaipereka pakhomo kwa woitumayo amaphedwa pomwepo. Mapeto enieni amawapeza yekhayo amene anawerenga timipukutu tomwazikana m'ndendemo n'kuzindikira kuti womutumayo sananene zonse.

Sindingalumphe nkhawa ya chikhulupiriro m'dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba analilengeza kukhala la Chikhristu mu December 1991. M'magemuwa muli afiti, mizukwa ndi zithumwa, ndipo kholo limene likuona zimenezi pa sikirini ya mwana lili ndi ufulu wofunsa. Ndingolipempha kuti likhale pansi liyang'ane. Lipeza kuti matsenga a m'menemo ndi masamu owerengera zotsala, ndipo mu Wizardry yoyamba ija ulendo wonse ndi wokagonjetsa mfiti, monga zimakhalira m'nthano zathu zomwe, momwe zilombo ndi afiti sizisowa. Magemuwa anachokera ku Dungeons & Dragons ya mu 1974, imene inatapa zambiri m'mabuku a J. R. R. Tolkien, Mkatolika wodzipereka. Komabe amene chikumbumtima chake chakana asakakamizidwe, ndipo m'nyumba mwake mawu omaliza ndi ake.

Tsopano funso limene osewera eni ake amakangana: kumaliza n'kutani? Lero mapu onse a Wizardry ali pa intaneti, mayankho a miyambi yonse alipo, ndipo mapulogalamu oyendetsera magemu akale amalola munthu kusunga pomwe ali n'kubwererapo zikavuta, ngakhale pakati pa nkhondo. Ena amati wogwiritsa ntchito zimenezi sanamalize. Ine sindifika pamenepo. Safunsa anadya phula, ndipo osewera a m'ma 1980 nawonso ankafunsana kusukulu, kulembera makalata magazini, ndi kugula timabuku ta malangizo. Munthu wapantchito amene ali ndi ola limodzi madzulo sachimwa posunga gemu pa masitepe m'malo motaya mwezi wathunthu chifukwa malaiti apita. Malire ndimawaika pa funso ili: thandizolo lakuchotserani chopinga chimodzi, kapena lakuchotserani ntchito yonse? Kufunsa mnzanu mutalimbana ndi khomo masiku angapo kumakusiyani muli woyenda. Kutsegula mapu a wina kuyambira pa phazi loyamba kumakusandutsani wonyamulidwa, ndipo kusunga musanatsegule chitseko chilichonse kumapha funso lija la kubwerera, chifukwa palibenso chotaya. Gemuyo imadziteteza yokha pang'ono. Wowerenga malangizo amadziwa kuti atapeza riboni ya buluu pa gawo lachinayi angathe kukwera chikepe mpaka gawo lachisanu ndi chinayi, n'kugwera m'dzenje lomufikitsa pa lakhumi. Koma kumeneko Dumapic sagwira ntchito, zilombo zina zimayamwa mphamvu zimene munthu anazisonkhanitsa kwa masabata, ndipo Werdna amadikira ndi mavampaya ake. Gulu lofika mothamanga limatha msanga. Wopambana amalandira mawu ochepa othokoza ndi kachizindikiro kakang'ono pa mbiri ya anthu ake, basi. Mphotho yochepa chonchi singakhale chifukwa chotsikira, ndipo amene anadumpha ulendowo kuti akaione amapeza kuti wadzibera yekha.

Ndili ndi pempho kwa aphunzitsi a makompyuta, oyang'anira malaibulale monga ija ya mzinda ya mu Katondo momwemo, ndi achinyamata olemba mapulogalamu a ku University of Zambia ndi ku BongoHive. Mu 2023 bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti 87 pa 100 alionse a magemu otulutsidwa ku America chisanafike chaka cha 2010 sakugulitsidwanso, kotero amene adakalipo ndi ofunika kuwagwiritsa ntchito akadalipo. Kalabu ya pasukulu ingathe kutenga Eye of the Beholder, imene ili ndi magawo 12 ndipo ndi yofatsirapo kwa woyamba, n'kuika ana awiriawiri pa kompyuta imodzi, wina pa mabatani wina pa kope, kwa teremu yathunthu, lamulo lili loti mapu a pa intaneti asatsegulidwe. Kwa olemba mapulogalamu, gemu ya mtunduwu ndi imodzi mwa zochepa zimene anthu awiri angathe kuzipanga okha: timabokosi, makoma anayi, manambala ndi mawu, zimene Greenberg ndi Woodhead anazikwanitsa m'makilobaiti 48. Ingathe kulembedwa m'Chinyanja, zilombo zake zochokera m'nthano za kwathu, ndende yake ili mgodi wosiyidwa. Koma ofuna kuipanga ayambe amaliza imodzi, chifukwa chovuta pa ntchitoyi si kujambula gawo loyamba. Chovuta n'kudziwa kuti msampha wa pa gawo lachisanu ndi chiwiri ukhale wowawa motani kuti wosewera wosamala athe kuuona ukubwera, ndipo zimenezo amazidziwa ndi amene anafikako ndi mapu ojambula yekha.